Nthawi yabwino yojambula ku nkhalango ya Nkhotakota

Achimwene, ngati mukufuna masamba okongola ndi nyama pa ulendo umodzi, bwerani kumapeto kwa Ogasiti kapena kumayambiriro kwa Sepitembala. Ndi nthawi imene mitengo ya mombo imaphuka masamba atsopano, ofiira ngati magazi, ena ngati mkuwa, asanasanduke obiriwira. Dzuwa likangotuluka n'kuwala kuseri kwa masambawo, phiri lonse limaoneka ngati layaka. Udzu umakhalanso utauma, ndiye njovu zimatsikira ku mtsinje wa Bua kukamwa madzi. Zilipo zambiri tsopano, poti a bungwe losamalira nyama zakutchire la African Parks anasamutsirako pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete mu 2016 ndi 2017.

Musachedwe mpaka Okotobala. Utsi wa lupsa umaphimba mlengalenga, zithunzi zonse zimatuluka zotuwa.

Komabe ine mtima wanga uli pa Juni ndi Julayi. M'mawa kumazizira zedi, nkhungu imagona pamwamba pa mtsinje, mame ali lendelende pa ukonde wa kangaude. Tsiku lina ndinalowetsa kamera yozizira m'galimoto motentha, galasi lonse linachita nthunzi, mphalapala n'kudutsa ine ndikupukutabe. Ikazizira musamailowetse mwadzidzidzi pamalo otentha, ndipo batire lapadera muzisunga m'thumba la malaya, chifukwa chisanu chimalimaliza msanga.

Musayende pansi popanda mlonda wa nkhalango. Kulinso kashembe, ntchentche zoluma zofalitsa matenda a kaodzera, choncho pewani zovala zabuluu ndi zakuda chifukwa zimawakopa. Akakulumani, kenako n'kuyamba kutentha thupi kapena kupweteka mutu, pitani kuchipatala msanga ndipo muwauze adokotala kuti munali m'nkhalango, kuti akuyezeni kaodzera osati malungo okha.