Musanagule bokosi, sankhani chaka ndi mfumu

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wakwathu amene akukhala ku Leeds. Mnyamata wake wa zaka 13 walowa kalabu ya anthu osewera nkhondo zapatebulo, aja amandandalika tiasilikali totalika mamilimita 28, n'kumaponya madayisi ndi kuyeza mtunda ndi timitengo. Bamboyo akufuna azisewera naye masewera otchedwa Saga. Funso lake linali ili: "Mwana akuti iye atenga ma Anglo-Saxon, ine nditenge ma Celt. M'sitolo mabokosi ali mbwee. Ndigule liti? Nanga ma Celt angawo ndiwajambule mizere yabuluu pathupi ngati a m'mafilimu?"

Achimwene, penti yabuluuyo ibwezereni pashelefu. Amene analemba zoti anthu a ku Britain amadzipaka utoto wotero ndi Julius Caesar, yemwe anafika pachilumbachi m'zaka za 55 ndi 54 Yesu asanabadwe. Nthawi imene mwana wanu akuifuna inadza patatha zaka 600 kapena 700. Apa n'kuti anthu a ku Wales ali Akhristu, ali ndi mabishopu ndi amonke olemba Chilatini. Nsalu zija amavala ngati siketi ku Scotland nazonso n'zam'mbuyo kwambiri, zinayamba kuoneka m'zaka za m'ma 1500.

Koma chimene chakusokonezani m'sitolomo si penti ayi. Ndi maina awiriwo. Dzina loti Anglo-Saxon limakuta nthawi yoyambira m'ma 400, Aroma atachoka, kufikira nkhondo ya ku Hastings mu 1066. Zaka zoposa 600 zimenezo, ndipo msilikali wa kumayambiriro akanakumana ndi wa kumapeto sakanazindikirana ngati abale. Dzina loti Celt nalo, panthawiyo panalibe ndi mmodzi yemwe amene ankadzitcha choncho. Kunali ma Briton a ku Gwynedd, Powys ndi Strathclyde, kunali ma Pict kumpoto, kunali anthu olankhula chinenero cha ku Ireland mu ufumu wa Dál Riata, ndipo onsewa ankaphana okhaokha popanda kudikira mlendo. Ngakhale liwu loti Welsh silinali lawo: linachokera kwa ma Anglo-Saxon, amene ankatchula nalo anthu achilendo. Eniake amadzitcha Cymry mpaka lero.

Ndiye ine ndimauza aliyense woyamba kuti asasankhe fuko, asankhe chaka ndi mfumu. Inuyo mwachita mwayi chifukwa nkhani yokoma kwambiri inachitikira pakhomo panu. Dera la Leeds linali mu ufumu wa ma Briton wotchedwa Elmet, umene Edwin, mfumu ya Northumbria, anaumeza. Mu 633 Edwinyo anaphedwa ku Hatfield Chase. Omupha ndani? Cadwallon, mfumu yachikhristu ya ku Gwynedd, atagwirana manja ndi Penda wa ku Mercia, amene anali wa fuko la ma Angle, limodzi mwa mafuko a ma Anglo-Saxon, ngati Edwin yemweyo koma wopembedza milungu ya makolo ake. Taonani pamenepo: Mkhristu wa ku Wales ndi wachikunja wolankhula Chingelezi chakale mbali imodzi, Mkhristu wolankhula Chingelezi chakale mbali inayo. Mzere woti uku ma Saxon, uku ma Celt, mungaujambule pati?

Patapita pafupifupi chaka, Oswald, amene anakhala mfumu ya Northumbria, anapha Cadwallon pafupi ndi khoma la Hadrian, limene Aroma anamanga kumpoto kwa England. Mu 642 Penda anapha Oswald ku Maserfield. Ndipo pa 15 November 655 Penda mwiniwake anagwa pamtsinje wa Winwaed, m'manja mwa Oswiu, m'bale wake wa Oswald. Bede, mmonke wa ku Jarrow amene anamaliza kulemba mbiri yake mu 731, akuti Penda anabwera ndi atsogoleri 30, akuti nkhondoyo inathera m'dera la Loidis, kumene kunachokera dzina la Leeds, ndipo akuti mtsinjewo unali utasefukira ndi mvula moti omira pothawa anachuluka kuposa ophedwa ndi lupanga. Olemba a ku Wales amawonjezera kuti Cadafael, mfumu ya Gwynedd, anazemba usiku ndi anthu ake nkhondo isanayambe, n'kupatsidwa dzina lachipongwe la wothawa nkhondo. Mukafuna masewera a Loweruka masana, ndi amenewo: kansalu kabuluu kadutse pakati pa tebulo, ndipo muponye dayisi kumayambiriro kuti muone ngati a ku Gwynedd atsala kapena azemba.

Mwana atenge Oswiu ndi Northumbria. Inu mutenge Penda ndi anzake a ku Wales, kapena Cadwallon yekha ngati mtima wanu uli pa ma Briton basi.

Tsopano za kugula. Mu Saga gulu limawerengedwa ndi mapointi: pointi imodzi ndi asilikali 4 a pakhomo pa mfumu, kapena ankhondo wamba 8, kapena anthu 12 ongotoledwa m'midzi. Oyamba kumene amasewera ndi mapointi 4, ozolowera ndi 6, ndipo mfumu siiwerengedwa. Mukatenga mapointi awiri a asilikali a mfumu ndi awiri a ankhondo wamba, muli ndi tizidole 25 pamodzi ndi mfumuyo. Si zambiri. Bokosi lapulasitiki la kampani ya Gripping Beast lotchedwa Dark Age Warriors lili ndi anthu 40 opanda zovala zachitsulo, ongonyamula nthungo ndi chishango, ndipo amenewa mungagawane ndi mwana pakati, chifukwa mlimi wa ku Northumbria ndi mlimi wa ku Powys atavala malaya aubweya sankasiyana kwenikweni munthu akawaonera patali. Mafumu ndi asilikali awo ndiwo mugule paokha. Footsore Miniatures ali ndi achitsulo abwino a nthawi yoyambirirayi, Victrix ali ndi apulasitiki. Musanalipire, funsani kukalabuko buku limene amatsata, chifukwa la Age of Vikings lili ndi ma Anglo-Saxon ndi a Welsh, pamene la Age of Invasions lili ndi ma Saxon, ma Briton ndi ma Pict. Zaka za m'ma 600 zili pakatikati pa awiriwa, ndipo sindinaonepo munthu akukanizidwa kusewera chifukwa cha zimenezo.

Chenjerani ndi bokosi lokongola lija lojambulidwa amuna onyamula nkhwangwa zazitali zogwira ndi manja awiri, ena ali ndi zishango zosongoka kumunsi. Ine ndinagwa nalo. Ndinapenta anthu 12 mwezi wathunthu, n'kupita nawo kukalabu monyadira kuti awa ndi a Penda. Mdala wina anawanyamula, kuwatembenuza, n'kundifunsa mwaulemu ngati Penda wanga anakhala ndi moyo zaka zina 400. Nkhwangwa zimenezo n'za nthawi ya Cnut, amene analanda England mu 1016, ndi ya Harold wa ku Hastings.

Pa zisoti mpamene ndimakangana ndi opanga tizidole. Iwo amaveka chisoti pafupifupi aliyense chifukwa chimagulitsa malonda. Koma zisoti za ma Anglo-Saxon zimene zapezeka m'nthaka n'kuzindikirika bwino zilipo zisanu ndi chimodzi zokha, pamene mitu ya nthungo ndi zitsulo zapakati pa chishango zatuluka m'manda zambirimbiri. Chotchuka ndi cha ku Sutton Hoo, chofukulidwa mu 1939 m'manda a ngalawa yotalika mamita 27, ndipo ambiri amaganiza kuti anali manda a mfumu Rædwald. Chisoti chinali chuma cha mfumu ndi anthu ake apamtima. Lupanganso chimodzimodzi. Chuma chimene chinapezeka m'munda ku Staffordshire mu 2009, m'dziko la Penda lenilenilo, chili ndi golide wopitirira makilogalamu 5, ndipo zambiri mwa zidutswazo n'zokongoletsera zigwiriro za malupanga, zoikidwa timiyala tofiira. Choncho penti yagolide ndi kadontho kofiira musungire anthu anayi kapena asanu ndi atatu oyandikana ndi mfumu. Otsalawo akhale ndi mitu yosavala, nthungo, chishango chozungulira chamatabwa, ndi mpeni wa seax m'chiuno kwa a Chingelezi.

Kuti anu asiyane ndi a mwana, apatseni akavalo angapo, nthungo zoponya, ndi zishango zoyera kapena zokhala ndi mtanda. Ndakatulo yakale ya Y Gododdin imasimba za ankhondo okwera pa akavalo, pafupifupi 300, amene anamwa mowa wa uchi wa mfumu yawo ku Din Eidyn, Edinburgh wa lero, chaka chathunthu, kenako n'kukathera ku Catraeth cha m'ma 600. Ambiri amati malowo ndi Catterick, kumpoto kwa Yorkshire komweko. Zovala zikhale za mtundu wa ubweya wosanyika, zotuwa ndi zofiirira, apo ndi apo buluu wozimirira, kufiira kwa njerwa ndi chikasu, poti utoto unkachokera ku zomera za woad, madder ndi weld. Penti muisungunule ndi madzi, mupake kawiri mopyapyala. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo maso a tizidoleti musavutike nawo n'komwe, patebulo saoneka.

Musanatsegule guluu, mutengeni mnyamatayo mukaone zenizenizo. Chisoti cha ku Coppergate, chopezeka mu 1982, chili ku Yorkshire Museum ku York. Cha ku Benty Grange, chofukulidwa mu 1848, chili ku Weston Park Museum ku Sheffield. Ndipo mu Leeds momwemo, ku Royal Armouries, kumene salipiritsa polowa, kumaonetsedwa chisoti cha ku Wollaston chopezeka mu 1997, cha m'zaka za m'ma 600 zomwe tikukambazi, chili ndi kanguluwe pamwamba. Mumuuze ayang'anitsitse chitsulo choteteza mphuno: anachipindira m'kati asanachikwirire pamodzi ndi mwiniwake. Mukabwerako mudzakangane nokha kuti kanguluweko kapita pamutu pa Oswiu kapena pa Penda.