Kodi kusokoneza chopereka cha mneneri n'kumenyera chilungamo?

Mlongo wina wa ku Chawama wandilembera imelo. Akuti kwawo kuli mneneri amene amagulitsa timabotolo ta mafuta odzozera, ndipo anauza odwala ena kuti asiye ma ARV poti achira. Panopa akusonkhetsa ndalama zomangira tchalitchi kudzera pa Airtel Money. Achinyamata ena apangana kuti azimuimbira foni usiku wonse, akamunamizire ku Facebook kuti tsamba lake litsekedwe, ndipo Lamlungu aziima pageti n'kumakuwiza aliyense wolowa ndi envulopu. Iwo akuti umu ndi mmene makolo athu ankakanira malamulo a atsamunda. Mlongoyo akufunsa ngati alowe nawo.

Musalowe nawo, mlongo wanga. Mkwiyo wanu ndi womveka, pakuti wosiyitsa wodwala mankhwala akuseweretsa moyo wa munthu. Koma zimene apanganazo sizikufanana ndi za makolo athu.

M'zaka za m'ma 1950, munthu wakuda muno mu Lusaka ankagulira nyama pakawindo, osaloledwa kulowa m'butchala kukasankha yekha. Chipani cha ANC cha a Harry Nkumbula chinauza anthu kuti angosiya kugula. Mu 1960 mayi Julia Chikamoneka anavula pamaso pa nduna ya ku Britain, Iain Macleod, dzuwa likuswa mtengo. Mu 1961, pa nthawi ya zionetsero zokana ulamuliro wa atsamunda zotchedwa Cha Cha Cha, anthu anawotcha zitupa zawo poyera, ambiri n'kumangidwa. Inde, kunawotchedwanso milatho ndi masukulu, ndipo zimenezo sindingaziyamikire. Koma wowotcha chitupa ankalimbana ndi lamulo loipa la boma, nkhope yake ikuoneka, ndipo chilango ankachisenza yekha.

Nanga pageti paja akulangidwa ndani? Mneneri alowera khomo lakumbuyo pagalimoto. Wokuwizidwa ndi mayi wogulitsa tomato ku Soweto Market, amene wamanga K50 pansonga ya chitenje chifukwa mwana wake sakupeza bwino. Ameneyo ndiye mukufuna kumupulumutsa, ndipo ndi yemweyo mukumuchititsa manyazi. Mneneri akangogwira maikolofoni adzati, onani mmene Satana akuzunzira munthu wa Mulungu, ndipo tsiku limenelo mbale idzadzaza kuposa kale.

Palibenso lamulo loipa limene mukuliphwanya. Ndime 19 ya malamulo oyendetsera dziko imateteza ufulu wa chipembedzo, ndipo imateteza wa mneneriyo pamodzi ndi wanu. Kuzunza munthu pafoni ndi mlandu, ndipo kunama n'kunama ngakhale wonamiziridwayo ali woipa.

Zoti muchite zilipo. Kukana kupereka ndi ufulu wanu, n'chimodzimodzinso kuchenjeza anzanu poyera, m'dzina lanu, ponena zokhazo zimene mungazichitire umboni. Kudyera anthu ndalama mwachinyengo ndi mlandu, choncho sungani mameseji a Airtel Money ndi mavidiyo a maulaliki, mupite nawo kupolisi pamodzi ndi amene anabedwa. Matchalitchi amalembetsedwa kwa Registrar of Societies, dandaulo lingapitenso kumeneko. Mukafuna kuyenda ndi zikwangwani, dziwitsani apolisi kaye, muime patali ndi geti, musatchinge njira ya munthu.

Koma chachangu kuposa zonsezi ndi odwala aja. Ngati mukudziwa mmodzi amene wasiya ma ARV, pitani kwawo sabata ino, mukhale naye pansi osamunyoza, kenako mumuperekeze kukiliniki akayambirenso mankhwala.