Maloja a kumunsi kwa Nyungwe ankadyera padoko

Mwana wanga, mwafunsa za maloja, masitolo aja akale a kumunsi kwa mzinda wa Tete, kufupi ndi Zambezi, komwe agogo anu ankagula nsalu asanathawire ku Malawi nthawi ya nkhondo. Mwati munapitako chaka chatha mukuyembekezera piringupiringu wa anthu, koma munangopeza makonde aatali ndi zitseko zina zokhoma, ndiye mwayamba kukayikira kuti mwina agogowo ankathira mchere nkhani. Sankathira mchere ayi. Ine ndinakulira pa limodzi la makonde amenewo, choncho ndiloleni nditambasuleko, ngakhale zala zanga n'zolemera pa foni.

Kwathu ndi ku Domwe, ku Angónia. Ndinatsikira ku Nyungwe mu 1970 ndili ndi zaka 9, kukakhala ndi malume omwe anali telala. Ndikuti ku Nyungwe chifukwa akuluakulu ankatero, dzina lakuti Tete linali la pamapepala. Tinakwera lole ya mbatatesi, ine pamwamba pa matumba, kudzera ku Mussacama, Moatize, mpaka ku Matundo. Pamenepo msewu unathera m'madzi. Mlatho unali usanathe kumangidwa, ndipo aliyense wochokera kumpoto, kaya ndi wa ku Angónia, wa ku Macanga, kaya wa ku Zóbuè kumalire, ankadikira batelau, chombo choolotsa anthu ndi galimoto, kuti amuolotse. Malole ankandanda, anthu n'kuyala mphasa pansi pa galimoto kuthawa dzuwa. Mwana wa kumapiri wozolowera kufunda bulangete ngakhale mu Novembala, ndinkangoona ngati andiika m'ng'anjo.

Gwirani mfundo imeneyi, chifukwa ndi imene ikuyankha funso lanu. Maloja a kumunsi aja ankadya chifukwa cha doko. Munthu ukatsika m'batelau unkafikira pomwepo, uli ndi ludzu, uli ndi ndalama za chimanga kapena nyemba zomangidwa pamfundo ya nsalu, ndipo unkadziwa kuti madzulo uyenera kuwolokanso. Sukanapita kutali. Unkagula pomwepo.

Dera limenelo ndi lakale kuposa mmene makonde akuonetsera. Amalonda a Chiswahili ankachita kale malonda pamenepo Apwitikizi asanakhazikike cha m'ma 1531. Tchalitchi chakale cha São Tiago Maior ndi linga la miyala zili konko kumtsinje, ndipo David Livingstone anapumira mumzindamu mu 1856 potsika ndi Zambezi. Tete anakwezedwa kukhala mzinda pa 21 Malichi 1959, n'chifukwa chake tsikuli amalikondwerera mpaka lero. Koma izi mungaziwerenge kwina. Ine ndikufuna ndikulowetseni m'loja.

Malume ankasokera pakhonde la mmwenye wina wogulitsa nsalu. Zikwangwani zinalipo, koma ife sitinkaziwerenga. Loja tinkaitchula ndi maonekedwe a mwiniwake kapena ndi katundu wake: kwa wandevu, kwa wa njinga, kwa wa makasu. Mukawafunsa agogo anu dzina la lojayo, mwina adzakuuzani chimodzimodzi. Ukalowa mkati maso ankayamba achita mdima kaye, kenako fungo limakulandira: sabau (sopo) wa mitanda, palafini, nsalu zatsopano, ndi lubani amene mwini loja ankafukiza m'mawa. Kauntala inali ya thabwa lochindikala, losalala chifukwa cha zigongono za anthu, ndipo m'mphepete mwake anakhomeramo chitsulo choyezera mamita. Mayi akasankha kapulana, nsalu ya chitenje, mwini loja ankaitambasula, kuyeza, kudula pang'ono ndi sizasi, basi n'kungoikoka kuti pwee, kung'ambika mowongoka ngati wajambula mzere. Ndinayesapo tsiku lina pa kansalu kotsala, zinapita uku ndi uku, ndinalandira khofi la malume.

Kudenga kunkalendewera matayala a njinga, nyale za galasi ndi ndowa. Pansi panali matumba a mchere ndi shuga otsegula kukamwa, sikelo ya mbale ziwiri ili pambali ndi miyala yake yachitsulo. Palafini ankatunga m'mgolo ndi kachitini ka chogwirira chachitali, n'kuthira m'botolo lomwe wabwera nalo wekha. Ndalama inali esikudo. Ukagula zambiri ankakuponyera basela, mwina singano, mwina maswiti awiri a mwana, ndipo amayi a kwathu sankachoka pakauntala basela asanaione. Pansi pa kauntala pankakhala buku la fiyadu, la ngongole. Mlimi wodziwika ankatenga khasu ndi bulangete mu Okutobala n'kudzalipira atakolola. Ena amalikumbuka bukulo ngati chifundo. Ine ndimalikumbuka mbali ziwiri, chifukwa wolemba anali mmodzi, wodziwa kuwerenga analinso yemweyo, ndipo mlimi ankangovomera chiwerengero chimene wauzidwa.

Ntchito ya telala pakhonde inali yogwirizana ndi mwini loja. Munthu agule nsalu mkati, atuluke, malume amuyeze pomwepo. Makina awo anali Singer yopondera ndi phazi. Wochokera kutali ankasiya nsalu m'mawa, n'kukazungulira kumsika, pobwera masana apeza malaya atha. Ine ntchito yanga inali kukoleza makala a m'simbi, kusokerera mabatani, ndi ina yomwe malume ankaiwerengera kwambiri: kuima kunjira yochokera kudoko n'kumalonjera anthu m'Chichewa. Mumzindamo anthu amayankhula Chinyungwe, moni wake ndi "muli tani", ndipo munthu wa kumapiri ankafika ali ndi mantha oberedwa. Akangomva kamwana kakuti "mwaswera bwanji amayi, mwachokera ku Domwe kodi?" nkhope inkamasuka, n'kunditsatira ngati mbale wake. Mwina agogo anu ndinawakokerapo pakhonde lathu, ndani angakane.

Ikakwana 12 koloko zitseko zonse zinkatsekedwa mpaka 2 koloko. Mzinda wonse zii, agalu okha ali wefuwefu pansi pa makonde. Ife tinkadya nsima kuseri, ndiwo kawirikawiri nsomba ya pende kapena nyama ya mbuzi, pomaliza n'kumabwira masawu ouma.

Panalinso makantina a Apwitikizi, ogulitsa vinyo, mafuta ophikira, nsomba za m'zitini ndi pau, buledi wotentha. Pano ndisakubisireni, chifukwa anzanga ena akayamba kukumbuka zakale amaiwala zowawa. Munthu wakuda ankadikira mzungu athandizidwe kaye, ngakhale wabwera pambuyo. Malo ena sunkayerekeza n'komwe kukhala pampando. Amwenye nawonso sanali pamtendere weniweni. Malume ankasimba kuti dziko la India litalanda Goa mu Disembala 1961, boma la Apwitikizi linatsekera amwenye okhala ndi mapepala a India, ena n'kuwathamangitsa m'dziko, maloja awo n'kutsekedwa. Ndipo zaka zomwe ine ndinafika, mzinda unali wodzaza asilikali, chifukwa nkhondo ya ufulu inali italowa m'chigawo chathu komanso damu la Cahora Bassa linali likumangidwa kuyambira 1969. Malonda ankayenda kwambiri, koma pakamwa pankakhala potseka. Anthu ataphedwa ku Wiriyamu pa 16 Disembala 1972, kufupi ndithu ndi mzinda, nkhani inafika pakhonde monong'ona. Malume anangondiuza kuti, "Iwe, zimene wamvazi uzimeze." Makina anapitiriza kulira.

Mlatho unatsegulidwa mu 1973. Anaupanga mapulani ndi injiniya Edgar Cardoso, ndipo poyamba unkatchedwa Marcelo Caetano, dzina la Samora Machel unalilandira pambuyo pake. Tinakondwa, asanamize munthu. Tinkapita kukangoyendapo madzulo, kuyang'ana madzi pansi miyendo ikunjenjemera. Koma miyezi ingapo itapita malume anayamba kudandaula kuti anthu a kumpoto sakuonekanso ngati kale. Lole yomwe inkagona ku Matundo kudikira batelau tsopano inkangowoloka, n'kukatsitsa anthu kumtunda. Ine ndinkaimabe panjira yanga ija, koma wolonjera anachepa. Ambiri amati maloja aja anafa ndi ufulu kapena ndi nkhondo. Ine ndimati matenda anayamba ndi mlatho, zinazo zinangopeza wodwala ali kale pamphasa.

Zinazo zinabweradi motsatizana. Ufulu wa pa 25 Juni 1975 usanafike n'komwe, Apwitikizi ambiri anali atayamba kulongedza. Makantina anatsala opanda eni. Mu 1976 boma linatenga nyumba za lendi, ndipo maloja ambiri osiyidwa anasanduka Lojas do Povo, maloja a anthu. Ganizo silinali loipa, ndipo tsiku loyamba kulowa pakhomo lomwe kale tinkaliopa, mutu uli m'mwamba, sindidzaliiwala. Koma katundu ankabwera mwa apo ndi apo. Mashelefu omwe ankafika kudenga ndi nsalu anatsala ndi fumbi. Mu 1980 pulezidenti Samora mwiniyo analengeza kuti malonda ang'onoang'ono abwerere m'manja mwa anthu wamba, ndipo chaka chomwecho, pa 16 Juni, metikali inalowa m'malo mwa esikudo. Ndalama yatsopano tinali nayo, chogula ndiye panalibe.

Apa m'pamene tinaphunzira bisha, kuima pamzere. Mukamva mphekesera kuti mawa kubwera shuga, munkapita usiku kukaika mwala kapena chitini pamzere kutsogolo kwa loja, mwalawo n'kumakuimirirani mpaka m'mawa. Anthu ankadziwa mwala wa aliyense, ndipo kusuntha mwala wa mnzako inali ndewu. Ine ndinagonapo pakhonde lina usiku wonse chifukwa cha sabau, kutacha atandifikira anati watha, kwatsala mabatire a tochi okha. Ndinagula mabatirewo, tochi ndilibe, n'kukasinthanitsa ndi mchere. Zenizeni zinkapezeka kuseri, pa kandonga, malonda a mobisa, pamtengo wowawa. Malume nsalu yatsopano anasiya kuiona. Ntchito yawo inasanduka kuika zigamba ndi kusoka masiketi a matumba a ufa, kenako kuchepetsa zovala za kalamidade zomwe zinkabwera ngati thandizo. Mmwenye wathu uja anapirira zaka zingapo, pomaliza anatseka n'kutsatira ana ake kunja.

Nkhondo itakula m'ma 1980, njira ya kumpoto inatsekeka. Ku Angónia midzi inatha, anthu anathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndipo ndi nthawi imeneyo agogo anu anawoloka malire pamodzi ndi anthu oposa miliyoni imodzi omwe Malawi inawalandira. Galimoto zinkayenda pa koluna, mndandanda woperekezedwa ndi asilikali a ku Zimbabwe kuchokera kumalire a Cuchamano kukafika ku Zóbuè. Mbatatesi ya kwathu inasowa mumzinda. Ogula a maloja aja, omwe mlatho unali utawachepetsa kale, tsopano anali m'misasa ya othawa.

Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992 malonda anadzuka, koma sanabwerere pamalo akale. Anapita kumabanka ndi mabaraka, mabenchi ndi tizisakasa ta pamsika, makamaka kumsika wa Kwachena, kumene lero mungapeze chilichonse, kuyambira kapenta wa ku Cahora Bassa, nsomba za chikowa, malambe, mpaka mafoni. Malasha a ku Moatize atayamba kukumbidwa mwamphamvu cha m'ma 2011, lendi mumzinda inakwera ngati yapenga, masitolo akuluakulu oziziritsa mpweya anatsegulidwa, ndipo Matundo, komwe ife tinkagona pansi pa malole, anasanduka tauni payekha. Mu 2014 anatsegula mlatho wachiwiri wa Kassuende kumunsi kwa mtsinje, malole akuluakulu n'kuyamba kuulambalala mzinda. Nditamva zimenezi ndinaseka ndekha, ndinati zomwe mlatho woyamba unachita kudoko, wachiwiri wabwera kudzachita kwa ena.

Musaganize kuti kumunsiko kunaferatu. Makomo ena ndi otsegula, muli ogulitsa zitsulo, ena anasandutsa mosungira katundu, ena muli mabanja. Chomwe chinachoka ndi khamu lija lotsika m'batelau.

Mukadzapitanso musadzapite masana, mudzangopsa n'kubwerera mutakhumudwa. Mudzalawire cha m'ma 6 koloko, muyambire ku tchalitchi chakale, muziyenda pang'onopang'ono m'makonde mukuyang'ana pansi osati m'mwamba. Pomwe pankakhala telala simenti imakhala ndi timaenje tinayi ta miyendo ya makina, ndi banga lakuda la mafuta lomwe silichoka. Pakhonde lathu, pa mzati wachiwiri kuchokera pakona, malume anakhomerapo mphete yachitsulo yomangirirapo makina ndi tcheni akamapita kukadya. Ndinapitako mu 2019 ndinaipeza ikadalipo, wina atamangirirapo mbuzi. Ndipo agogo anuwo ngati ali moyo, kawafunseni ngati telala wawo anali wamtali, wosowa dzino limodzi lakutsogolo, wokonda kuika pensulo kukhutu. Akati inde, mudzandiuze.