Nthawi yolemba mapulogalamu mumaipeza kuti? Yankho kwa aphunzitsi a ku Zomba

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa aphunzitsi ena a kusekondale ku Zomba. Ali ndi ana atatu, ndipo chaka chatha anagula laputopu yogwirapo kale ntchito kwa mnzawo. Akuti akhala akuyesa kuphunzira kulemba mapulogalamu a pakompyuta pongofuna kusangalatsa mtima, osati kusaka ntchito ina, koma miyezi isanu ndi itatu yatha popanda chomwe amaliza. Anayamba chinenero cholembera mapulogalamu cha Python, anasiya. Anayamba JavaScript, anasiya. Pano wina wawanong'oneza za Rust. Funso lenileni analiika kumapeto: "Inuyo nthawi mumaipeza kuti? Nanga akunyumba kwanu sadandaula? Kwathu kuno laputopuyi ayamba kuitchula kuti mkazi mnzawo."

Aphunzitsi, ndinaseka ndekha mu minibasi mpaka kondakitala anandiyang'ana. Yanganso inapatsidwapo dzina lomweli.

Ndiyambe ndi kuulula kuti ine si katswiri. Masana ndimawerengera ndalama pakampani ina yogulitsa zipangizo zomangira nyumba mu Lilongwe muno, ndipo sukulu ya zamakompyuta sindinapondeko. Ndimafika kunyumba ku Area 25 kutada kale. Tikadya nsima, ana akamaliza homuweki, ndimatsegula laputopu cha m'ma 8:30 ndi kuitseka 10 koloko. Si tsiku lililonse ayi. Ndikawerengera moona mtima, pa sabata ndimapeza maola anayi kapena asanu, Loweruka m'mawa momwemo. Ndiye ngati mumaganiza kuti pali chinsinsi china chotambasulira tsiku, palibe. Nthawi yanu ndi yanga n'chimodzimodzi, mwinanso inu mumaposa pa holide.

Chomwe ndikuona mu imelo yanu n'china. Mwatchula zinenero zitatu za pakompyuta, koma simunatchule chinthu ngakhale chimodzi chomwe mukufuna kompyutayo ikuchitireni. Ndi zija za ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Inenso ndinataya pafupifupi chaka chathunthu motero, kuonera mavidiyo a pa YouTube ndi kukopera zitsanzo zowerengera msonkho wa anthu a ku America omwe sindidzawaonanso. Bandulo imatha, mutu uli mbee. Zinasintha tsiku lomwe vuto lenileni linandipeza pakhonde panga.

Akunyumba ali mu banki m'khonde ya amayi 18 a m'dera lathu, ndipo chaka chimenecho anawasankha kukhala mlembi. Amene mukudziwa za banki m'khonde mukudziwa momwe December amakhalira. Munthu aliyense waponya masheya osiyana, ena anakongola katatu, ena anabweza mochedwa, pali zindapusa za ojomba ndi ochedwa kumsonkhano, pali thumba la zadzidzidzi, ndipo zonsezi ziyenera kugwirizana mpaka kwacha yomaliza tsiku logawana lisanafike. Ndinawapeza usiku wina atakhala pamkeka ndi kope lachikuto cholimba, kalikuleta ya pafoni ndi kandulo, akubwereza tsamba lomwelo kachitatu. Ndinati, "Mayi, bwanji zimenezi ndizilowetse m'kompyuta?" Anandiyankha kuti, "Lowetsani, koma kope langa musalitaye."

Ndinalemba kapulogalamu ka Python ka mizere yosakwana zana. Kamawerenga fayilo ya CSV (tebulo la mawu wamba lomwe Excel imatha kusunga) momwe munali dzina, tsiku, mtundu wa ndalama ndi kuchuluka kwake, kenako n'kutulutsa zomwe aliyense ayenera kulandira. M'masabata atatu amenewo ndinaphunzira zambiri kuposa chaka chonse cha mavidiyo chija: kutsegula fayilo, kuzungulira mzere ndi mzere, kusunga ndalama za munthu aliyense mu dictionary (mndandanda wogwirizanitsa dzina ndi nambala yake), kuwerengera miyezi pakati pa masiku awiri. Palibe yemwe anandikakamiza kukhala pansi. Ndimafuna kuona ngati nambala yanga ifanane ndi ya m'kope.

Sinafanane. Ndipo apa mpomwe ndikufuna mumvetsere bwino, chifukwa manyazi ake ndimawamvabe.

Pulogalamu yanga inaonetsa kuti mayi wina, wogulitsa tomato ndi anyezi pamsika, anali ndi ngongole yotsala ya K10,000. Iye anakongola K50,000, ndipo gulu lawo limaika chiwongoladzanja cha 20 peresenti pamwezi. Kope limati anabweza zonse. Ine, modzikhulupirira, ndinauza akunyumba kuti kompyuta sinama, alakwitsa ndi iwo. Mwamwayi sanandimvere. Anatenga kope kupita nalo kwa msungichuma, anafananitsa, ndipo anabwerako osalankhula zambiri, anangoti, "Bambo, funsaninso mkazi mnzangayo."

Ndinafufuza mpaka pakati pa usiku. Vuto linali tsiku. Mayi uja anakongola pa 3 April, ndipo ine ndinalemba 03/04 mu Excel monga timalembera kuno, tsiku poyamba, mwezi pambuyo. Koma laputopu yanga, monga zambiri zogula kwa ena, inatcheredwa mwa chi America, komwe mwezi umayamba. Kwa iyo 03/04 anali 4 March. Inamuwonjezera mwezi wathunthu wa chiwongoladzanja. Choipa kwambiri n'chakuti cholakwikachi chimabisala: tsiku ngati 25/04 silingasokonezeke chifukwa kulibe mwezi wa 25, ndiye masiku okhawo oyambira 1 mpaka 12 ndi omwe amatembenuka mwakachetechete. Kuyambira pamenepo tsiku lililonse ndimalilemba chaka poyamba, kenako mwezi, kenako tsiku, monga 2024-04-03. Kalembedwe kameneka kamatchedwa ISO 8601, Python imakawerenga mosavuta, komanso kali ndi ubwino wina wakuti masiku akandandalikidwa ngati mawu wamba amakhalabe mu dongosolo lake.

Taganizani ndikanapita nazo pagulu. Mayi wosalakwa akanachita manyazi pamaso pa anzake chifukwa cha masewera anga a usiku, ndipo K10,000 kwa munthu wogulitsa tomato si yamasewera. Mpaka lero kope lija ndiye mwini nkhani. Pulogalamu imangothandiza kuloza pomwe pakufunika kuyang'ananso.

Pa ndalama pomwepa ndikuchenjezeninso chimodzi. Tsegulani Python mulembe 0.1 + 0.2. Ikuyankhani 0.30000000000000004. Sikuti yawonongeka. Kompyuta imasunga manambala amadontho mu mawerengedwe a ziro ndi wani, ndipo 0.1 sakwanira ndendende mmenemo, monga momwe 1 kugawa ndi 3 sathera polemba. Ndalama muziwerengera ngati manambala athunthu, kapena mugwiritse ntchito decimal, chida chowerengera manambala amadontho ndendende chomwe chimabwera kale ndi Python. Matambala sagulanso kanthu masiku ano, koma akasowa pa pepala la gulu anthu amafunsa.

Cholakwika chachiwiri chinali chosekesa, ndipo n'chathuchathu. Pamwamba pa lipoti ndinafuna kulemba Malaŵi ndi kadenga kake pa w. Pulogalamu inagwa pomwepo ndi uthenga wofiira wa UnicodeEncodeError. Chifukwa chake n'chakuti pa Windows, ukapanda kunena, Python imalemba fayilo ndi kalembedwe kakale ka zilembo za kumadzulo kwa Ulaya, ndipo ŵ mulibemo. Mankhwala ake ndi kuwonjezera encoding="utf-8" potsegula fayilo. Ndinatero, ndinasangalala, kenako nditatsegula fayiloyo mu Excel ndinapeza dziko lathu lasanduka MalaÅµi. Panafunikanso kusintha kukhala "utf-8-sig" kuti Excel izindikire. Madzulo awiri athunthu anathera pa kachilembo kamodzi. Pofufuzapo ndinadziwanso kuti anthu a ku Wales nawonso ali ndi ŵ m'chinenero chawo, ndiye tili ndi anzathu olira nawo maliro amenewa.

Za magetsi ndi bandulo simunafunse, koma ndikudziwa zikukukhudzani. Chomwe ndimakondera Python n'chakuti ukangoiika sifunanso intaneti. Mabuku ake onse ofotokozera mukhoza kuwatsitsa kamodzi pa docs.python.org mukapeza Wi-Fi, n'kumawawerenga kunyumba. Pulogalamu ya Git nayonso, yomwe Linus Torvalds anailemba mu 2005, imasunga mbiri ya zomwe mwasintha m'kompyuta mwanu momwemo, tsamba la pa intaneti la GitHub mudzalifuna pokhapokha mukafuna kusunga kope lina kutali. Batire ya laputopu yanga imangokhala mphindi 40, ndiye ndinazolowera kupanga commit (kusunga mu Git zomwe ndasintha) pafupipafupi ngati munthu wothawa mvula. Magetsi akazima nthawi yaitali ndimatsegula pulogalamu ya Termux pafoni ya Android, momwe Python imayendanso bwinobwino. Kulemba ndi zala ziwiri pagalasi n'chilango, koma poyesa kachidutswa kamodzi ka pulogalamu zimatheka. Masiku ena ndimangolemba ndondomeko yake papepala, ndipo ndaona kuti zolemba papepala zimatuluka zaukhondo kuposa zothamangira pa kiyibodi. Laputopu yatsopano musaiganizire n'komwe. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 mitengo yake ndi yongoonera pawindo, ndipo yakale yanuyo ikukwanira pa zonse ndatchulazi.

Chinenero chake? Khalani pa Python. Guido van Rossum anaitulutsa mu 1991, yakhwima, ndipo funso lililonse lomwe mungakhale nalo wina analifunsa kale. Mungosamala ndi maphunziro akale olembedwa mu Python 2, yomwe anasiya kuisamalira pa 1 January 2020. Mukaona lamulo la print lopanda mabulaketi, dziwani kuti tsambalo ndi lakalekale. Rust idikire.

Inu ndinu aphunzitsi, ndiye vuto lenileni muli nalo kale m'chikwama. Kumapeto kwa teremu iliyonse mumakhala ndi mulu wa malikisi oti muwonkhetse, mupeze avereji, muike magiredi, mundandalike mapozishoni, ena atafanana malikisi. Yambani ndi kalasi imodzi, phunziro limodzi. Teremu yoyamba muwerengerenso pamanja kuti mufananitse, pokumbukira mayi wa tomato uja. Ndipo mayina ndi malikisi a ana a eni musawaike pa GitHub.

Tsopano za mkazi mnzawo.

Akunyumba kwanu sakudana ndi laputopu. Akudana ndi msana wanu. Ndikudziwa chifukwa ndinauzidwa mawu amenewa ndendende. Panali nyengo ina yomwe ndimayankha "eya, eya" maso ali pagalasi, osamva chomwe chanenedwa, mpaka tsiku lina ndinavomera kupita kukaona apongozi ku Dedza Loweruka osadziwa kuti ndavomera. Pulogalamu ikakana kuyenda imakutsatira ku tebulo, kubafa, ngakhale m'tchalitchi nthawi ya ulaliki. Thupi limakhala pakhomo, mutu uli pa mzere 47. Zimenezi n'zomwe zimapweteka anthu okhala nawe, osati maola enieniwo.

Tinagwirizana zinthu zochepa. Laputopu sitsegulidwa ana asanagone, pokhapokha ngati nawonso akuchita nawo. Ikakwana 10 koloko ndimatseka ngakhale ndili pakati pa vuto. Poyamba zinkandiwawa, koma ndinapeza njira: ndisanatseke ndimalemba mzere umodzi pamwamba pa fayilo wonena pomwe ndalekezera ndi chomwe ndikuganiza kuti chavuta. Mawa lake sinditaya theka la ola kukumbukira. Kangapo konse yankho landibwerera ndili pamzere wa minibasi m'mawa, chinthu chomwe usiku chinandikanika kwa ola lonse. Ndipo Lamulungu laputopu imagona mu kabati.

Ndiulule chinanso. Si pulogalamu iliyonse yomwe ndimalemba ili ndi phindu. Ndinathera milungu iwiri pa kapulogalamu kondiuza tsiku lomwe mayunitsi a magetsi athere, chikhalirecho mita ili pakhoma pompo ndipo nambala imaoneka bwinobwino. Akunyumba atafunsa kuti zithandiza chiyani, ndinayamba kufotokoza zambirimbiri, kenako ndinangovomera kuti zimandisangalatsa basi. Anati bola mwanena zoona. Anzanga ena amathera Loweruka lonse pa bawo kapena kuonera mpira, ndipo palibe amawafunsa phindu lake. Vuto limayamba pomwe ukunamizira kuti kusewera kwako ndi ntchito yofunika kuti anthu akusiye.

Chomwe chinathetsa dzina lija kwathu ndi mwana. Wachisamba wanga ali Sitandade 5. Loweruka lina anaima kumbuyo kwanga n'kufunsa kuti ndimalemba chiyani chosatha. Ndinamutsegulira turtle, kafulu kojambula komwe kamabwera kale ndi Python, kochokera ku chinenero cha ana cha Logo cha m'chaka cha 1967. Umakauza kuti pita kutsogolo masitepe 100, khota kumanja madigiri 90, ndipo kamasiya mzere pomwe kadutsa. Anabwereza kanayi, panatuluka bokosi. Anafuna nyenyezi. Ndinamuuza kuti ayese yekha manambala. Anayesa 100, anayesa 120 n'kupeza kuti kakakhota katatu kamabwerera pomwe kanayambira, anakwiya, anapita kukamwa madzi, anabweranso. Atafika pa 144 n'kubwereza kasanu, nyenyezi inatseka bwinobwino, ndipo anakuwa mpaka amayi ake anatuluka kukhitchini ndi mthiko m'manja poganiza kuti wina wapsa.

Mzime wathu, wa zaka zitatu, naye amafuna gawo lake. Iyeyo ntchito yake ndi kudina batani lalitali lija la pansi nthawi iliyonse ndikatembenuka. Mukudziwa kale kuti Python imawerengera mipata ya kumayambiriro kwa mzere, ndiye kampata kamodzi kowonjezera kamagwetsa pulogalamu yonse. IndentationError yoyamba ya mtundu umenewu ndinaisaka mphindi 20 iye ali pansi pa tebulo akudya chigumu.

Mundilembere mukamaliza za malikisi a kalasi yoyamba ija, makamaka mundiuze momwe mwachitira ndi ana awiri ofanana malikisi, chifukwa pamenepo ndi pomwe padzakuvuteni. Ndipo moni kwa amayi kunyumbako.