Za sopo wa ziphuphu uja, asuweni

Asuweni, ndamva funso lanu, ndipo ndati ndiyankhe ndi mawu chifukwa zolemba zanga mumaziseka. Mwafunsa kuti ndi sopo uti amene angachotse ziphuphu kumaso kwa mtsikana wanu. Nditangomva kuti ziphuphu ndinaganiza kuti a ACB akusakani, koma ndaona kuti ndi zapakhungu, choncho mtima wakhala pansi.

Sopoyo ndimutchula, koma ndiyambe ndi amalume aang'ono. Mukadzapita kwa agogo mudzayang'ane chithunzi cha ukwati wa azakhali chimene chili pakhoma, mudzawerenge anthu, ndipo mudzapeza kuti amalume mulibemo. Ife tinakula tikuuzidwa kuti anatumidwa kukatenga nkhuni, koma amayi anandiuza pa maliro aja a ku Ntcheu kuti anabisala kuseri kwa nkhokwe mpaka wojambula atanyamuka. Anali ndi zaka 18... ayi, 17, pakuti kunali nkhani ya njinga ija isanachitike. Nkhope yonse inali ziphuphu zokhazokha, ndipo anyamata a m'mudzi anawapatsa dzina limene sindingalitchule pagulu pano. Anayesa mandimu, phulusa, mankhwala otsukira mano, kenako mafuta oyeretsa khungu a pamsika, amene anawasiyira mabala akuda oposa oyamba aja. Agogo aamuna ankati akudya mtedza wambiri, ena ankati akufuna mkazi, pamene agogo aakazi anapita nawo kwa sing'anga. Aliyense ankayang'ana nkhope, ndipo panalibe amene anafunsa chifukwa chimene mnyamatayo anasiyira mpira ndi kwaya n'kumagona masana onse atafunda kumutu. Inu ndi ine timawadziwa ngati munthu wapakhonde, iwo ndi wailesi yawo, koma amayi amati poyamba anali olongolola kuposa inu, asuweni, ndipo kukuposani inu si ntchito yaing'ono.

Ziphuphu sizibwera chifukwa cha uve. Mwana akamatha msinkhu, mahomoni amachititsa khungu kutulutsa mafuta ambiri, timabowo ta pakhungu timatsekeka, ndipo mabakiteriya otchedwa Cutibacterium acnes amachulukana m'menemo. Nkhawa nayo imaziwonjezera, kotero mwana akamadandaula ndi nkhope yake, nkhopeyo imaipiraipira. Mu 2018 ofufuza a ku Canada, atasanthula zolembedwa za odwala a ku Britain, anapeza kuti m'chaka choyamba munthu ataonedwa ndi dokotala chifukwa cha ziphuphu, chiopsezo chodwala matenda a kukhumudwa kwakukulu chinali chokwera ndi 63 peresenti poyerekeza ndi anthu opanda ziphuphu.

Tsono... ndinene bwanji? Pa Khirisimasi mwanayo anadyera kuchipinda, anavala masiki tsiku lonse pamene mliri unapita kale, ndipo chithunzi chake pa WhatsApp anachichotsa n'kuikapo maluwa. Ine ndinaona, ndipo inu amene mumagona naye nyumba imodzi munaona zoposa pamenepo. Ndikuganiza kuti chimene mukufunsa kwenikweni ndi chakuti kodi mwana wanu ali bwino mumtima, ndipo yankho lake ali nalo iyeyo, choncho mukhale naye pansi mumufunse.

Za sopo ndi zachidule. Asambe kumaso kawiri patsiku ndi sopo wofewa, asakhule ndipo asafinye, chifukwa pakhungu lathu lakudali mabala amakhalitsa kuposa chiphuphu chenichenicho. Ku famase mufunse mankhwala opaka otchedwa benzoyl peroxide, ndipo mupirire masabata 6 mpaka 8 musanaweruze kuti sakugwira ntchito. Mafuta okhala ndi betamethasone kapena clobetasol asayandikire nkhope yake. Zikakanika, mupite naye kwa madokotala a khungu ku Queens, kumene angamulembere mapiritsi monga doxycycline.

Koma musayambe ndi famase, asuweni, muyambe ndi kumufunsa mmene akumvera, makamaka pamene mukusenda mbatata awiriwiri, ndipo musamuuze kuti zidzatha zokha, ngakhale kuti mwina zidzathadi, chifukwa amalume nawonso anauzidwa zomwezo. Mumufunse ngati akugona bwino, ngati akudya, ndiponso zimene anzake akunena kusukulu. Akatchula zoti moyo wamutopetsa, musadikire kuti kuche, mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo a St John of God ku Lilongwe ndi ku Mzuzu ali ndi aphungu a nkhani zoterezi.

Ndibwerezenso, chifukwa ndikukudziwani kuti mumvera theka la uthengawu mukuphika: mumufunse mwanayo za mtima wake musanagule sopo aliyense. Ndayang'ana, mwanayo sali pagulu lathu la pafoni lino. Koma amalume... kodi paja azakhali anawalowetsa mwezi watha? Ngati mulipo amalume, pepani kwambiri, dzina lija sindinalitchule.