Giyabokosi ya Sienta yafa pa Thabwa: gulani yophwasulayo, koma osati ndi katapila

Kalata ya sabata ino yachokera kwa bambo wina wa ku Nchalo. Akuti: "Ndili ndi Sienta imanyamula anthu pakati pa Nchalo ndi Blantyre, ndakhala nayo zaka ziwiri. Sabata yatha giyabokosi inafa titangodutsa pa Thabwa kuyamba kukwera phiri, injini ikulira koma galimoto osasuntha. Ku Ndirande ndapeza ina yochotsa mu galimoto yophwasula, akuti K1,200,000. Ine ndili ndi K500,000, yotsalayo pali munthu akufuna kundibwereka pa 40 peresenti pamwezi asunge bulu buku. Dalaivala amandipatsa K40,000 patsiku. Ndili ndi ng'ombe zinayi koma sindikufuna kuzikhudza. Kodi giyabokosi yophwasula ndi yodalirika?"

Achimwene pepani kwambiri, galimoto ikaima chonchi pakhomo pamavuta, ndikudziwa. Za giyabokosi ndikuyankhani, koma choyamba tikambe za munthu wa 40 peresentiyo chifukwa ndi pomwe mukufuna kudzipha nokha, ndipo mwalemba ngati ndi nkhani yaing'ono.

Tiwerengere limodzi. Mtengo si K1,200,000 ayi. Ikanipo makaniko, tinene K150,000, oyilo watsopano ndi masili tinene K130,000, kuinyamula giyabokosiyo kuchoka ku Ndirande ndi maulendo anu tinene K70,000. Tafika K1,550,000. Ndiye kuti mubwereka pafupifupi K1,000,000, ndipo mwezi ukatha mwini ndalama akufuna K1,400,000. Galimoto yanu ikayenda masiku 24 pamwezi osafa ngakhale tayala, imabweretsa K960,000. Mwaona? Ngakhale ana asadye mwezi wonse, ngakhale musagule sopo, mwaperewerabe K440,000, ndiye mupempha kuti mungopereka chiwongoladzanja chokha mwezi uno, K400,000 yapita ngongole ili pomwepo, mwezi winawo chimodzimodzi, pofika mwezi wachitatu mwalipira ndalama ya giyabokosi yonse koma munthuyo akukuwerengeranibe miliyoni yake ndipo bulu buku ili m'thumba mwake. Makalata otere ndawerenga ambiri ndipo mathero ake amafanana, Sienta imapita ndi giyabokosi yake yomwe mwaivutikirayo.

Ng'ombe zija mukuti simukufuna kuzikhudza. Ndikumvetsa, kuno ku chigwa ng'ombe ndi ulemu komanso ndi chothawirako madzi akasefukira kapena chilala chikavuta. Koma khalani pansi ndi mayi akunyumba, funsani mitengo ku msika wa ng'ombe ku Ngabu, gulitsani imodzi kapena ziwiri malinga ndi kukula kwake. Galimoto ikayamba kuyenda muzibweza m'khola pang'onopang'ono, ng'ombe simalipiritsa 40 peresenti. Ikaperewera pang'ono ndiye mukabwereke ku banki m'khonde kumene mayi ali membala, kandalama kochepa koti mubweza mwezi umodzi.

Tsopano funso lomwe ndimafuna mukanandifunsa: zaka ziwiri galimoto ikubweretsa K40,000 patsiku, ndalama yake ili kuti? Apa ndiye ndikukalipirani achimwene. Mukanamachotsa K5,000 yokha tsiku lililonse n'kuiika pambali kuti iyi ndi ya galimoto, masiku 24 pamwezi miyezi 24, bwenzi pano muli ndi K2,880,000, kugula giyabokosi kashi n'kutsala ndi ya matayala. Ndikukhulupirira kuti kope mulibe. Ndimanena izi sabata ndi sabata mpaka ena amatopa nane koma sindisiya, kope la K1,000 lokha, tsiku, yalowa zingati, mafuta zingati, oyilo munathira liti pa makilomita angati, tsiku lomwe galimoto sinagwire ntchito chifukwa chiyani. Mukanakhala nalo mukanaona masiku angati Sienta inapita kumaliro ku Bangula mwaulere, masiku angati alamu anaibwereka kukatenga matumba a chimanga osathira ngakhale lita imodzi. Sindikuti musamathandize abale, maliro ndi a tonse, koma lembani kuti mudziwe kuti thandizolo likukudyerani zingati. Anthu ambiri K40,000 ija amaiona ngati phindu lonse, pomwe mkati mwake muli ndalama ya giyabokosi yomwe ikutha tsiku ndi tsiku pa phiri lija.

Ndipo sinafe mwadzidzidzi. Ngati yanu ndi Sienta ya shepu yakale yokoka ndi matayala akutsogolo, NCP81, ili ndi giyabokosi ya mtundu wa CVT, mkati mwake muli lamba wachitsulo woyenda pa mapule awiri, ndipo adani ake ndi kutentha ndi katundu wolemera. Galimoto ya anthu 7 mukukwezamo 10 kapena 11 kuphatikiza matumba kumbuyo, dzuwa la Okutobala la ku Chikwawa lija lopitirira madigiri 40, kenako kukwera makhotakhota a phiri kupita ku Blantyre kawiri katatu patsiku. Oyilo amapsa, lamba amayamba kuterereka, imayamba kulira ngati mluzu kapena kunjenjemera ponyamuka, dalaivala amamva koma sanena chifukwa akuthamangitsa tageti. Mukaikamo ina n'kupitiriza zomwezo, ifanso.

Nanga yophwasulayo? Gulani, palibe cholakwika, yatsopano ya kudila ndalama zake sizingagwirizane ndi galimoto ya zaka zimenezo. Koma musanalipire ayambe aiyika pa kompyuta galimotoyo ndipo ayang'ane ngati oyilo sanathe chifukwa chodontha, nthawi zina vuto limakhala sensa kapena solenoidi basi, anthu agulapo giyabokosi yonse chifukwa cha kachinthu kakang'ono. Ikatsimikizika kuti yafadi, jambulani pa foni kapuleti ka chasisi namba, pali mzere wolembedwa TRANS/AXLE, mupite nako. Sienta ya NCP85 yokoka ndi matayala onse anayi (4WD) ili ndi otomatiki wamba wa magiya anayi, siyingalowe mu NCP81 ngakhale wogulitsa alumbire kuti Sienta ndi Sienta.

Pitani ndi makaniko wanu, yemwe adzaimange, osati woti mwamupeza pomwepo pa yadi chifukwa ameneyo amadya mbali ziwiri. Auzeni atsegule chipani cha oyilo cha pansi pa giyabokosiyo muone ndi maso anu. Kafumbi kakuda pang'ono pa maginito ndi kabwinobwino, koma mukaona tizidutswa tachitsulo tonyezimira kapena oyilo akununkha chopserera, isiyeni. Oyilo akamaoneka ngati tiyi wamkaka ndiye kuti munalowa madzi, ndipo ife a kuno tikudziwa magalimoto angati anamira nthawi ya namondwe Ana mu 2022 ndi namondwe Freddy mu 2023, ena anathera kophwasula komweko. Funsaninso ngati inachoka mu galimoto yangozi kapena yobwera kuchokera ku Japan, kapena mu takisi inzake yomwe inatopa kale pa msewu ngati yanuyi. Ya galimoto yogundidwa kumbuyo ndiye yabwino, chifukwa inali ikuyenda mpaka tsiku langoziyo.

Chachikulu ndi pepala. "Ikavuta mudzabweze bwana" ya pakamwa siyigwira ntchito. Alembe pa lisiti namba ya giyabokosiyo, masiku a galanti kuyambira tsiku lomangidwa, ndiponso kuti ikakanika akubwezerani ndalama kapena akupatsani ina. Yesetsani kupeza masiku 30, akakana pitirirani kwa wina, ogulitsa alipo ambiri ku Ndirande ndi ku Limbe. Ngati angalole, perekani theka, theka linalo ikayenda. Pomanga athiremo oyilo wa CVT weniweni wa Toyota wolembedwa TC, osati ATF wofiira wa otomatiki wamba ngakhale ndi wotchipa, ameneyo amapha CVT msanga. Masili a m'mbali asinthe ikadali pansi. Yakaleyo musaisiye kwa makaniko, tengani, masensa ake adzakuthandizani tsiku lina.

Ikatuluka mu galaja, mkati mwa masiku a galanti omwewo kwerani nokha ndi dalaivala kuchoka ku Nchalo mpaka kumaliza phiri masana dzuwa likuswa mtengo, mumve ndi makutu anu mmene ikukokera. Ndipo mumuuze dalaivalayo kuti mwatsitsa tageti pang'ono koma anthu asapitirire mipando, ndipo K5,000 ya galimoto izilowa pa foni ina tsiku lomwelo isanafike m'manja mwa aliyense. Mundilembenso mwezi ukatha, munditumizire tsamba loyamba la kope lija ndione.