Ndiyambire pati kukonza mapepala okaphunzirira ku UK?

FUNSO: Azakhali, ndinamaliza digiri ya zaulimi ndipo yunivesite ina ya ku UK yandipatsa malo a masters mu Seputembala chaka chamawa. Anzanga andibalalitsa: wina akuti ndiyambe ndi kuyezetsa TB, wina akuti viza. Ndiyambire pati? Ndine wowerenga wa ku Mitundu.

YANKHO: Mwana wanga, anzakowo asiye kaye. Madzulo ano yala pamphasa satifiketi yako ya MSCE, digiri, chiphaso cha unzika ndi pasipoti, uwerenge dzina lako chilembo ndi chilembo. Mphwanga wina ankalemba dzina la bambo ake ndi "l" kusukulu, podzaza fomu ya pasipoti n'kulemba "r". Kwathu kuno palibe amene angadabwe nazo, koma kunjako amaona ngati ndi anthu awiri. Zinatengera kukalumbira kwa loya, masabata n'kumapita. Uyang'anenso tsiku lobadwa, makamaka ngati makolo anakuchepetsera zaka polembetsa mayeso a Sitandade 8.

Zikagwirizana, kapemphe transcript, chikalata chosonyeza magiredi a maphunziro ako onse a digiri, ku yunivesite yomwe unaphunzira msanga, chifukwa siituluka tsiku limodzi. Ufunsenso ngati yunivesite ya ku UK ikufuna IELTS, mayeso oyesa luso lako la Chingerezi. Zotsatira zake zimagwira ntchito zaka 2.

TB usathamangire. Amalawi amayenera kuyezetsa, inde, koma kuchipatala chokhacho chovomerezedwa ndi boma la UK, ndipo pepala lake limatha pakapita miyezi 6. Ukayezetsa lero, pofika nthawi ya viza lidzakhala lokulungira mandasi. Vizanso sungafunsire yunivesite isanakutumizire nambala ya CAS, yotsimikizira kuti yakupatsadi malo ophunzira.

Pamene ambiri amagwera m'mbuna ndi pa ndalama. Ngati ulibe sikolashipu, fizi ya chaka choyamba pamodzi ndi ndalama zodyera ndi zogonera za miyezi 9 ziyenera kukhala mu akaunti masiku 28 otsatizana, osatsikako ngakhale tsiku limodzi. Zoti amalume akuponyere mamiliyoni Lolemba, Lachisanu n'kuwatenganso, iwalako. Akaunti ikhale yako kapena ya makolo ako. Ikakhala ya makolo, pafunika chikalata chako cha kubadwa ndi kalata yawo yovomereza. Uikemonso zoonjezera, poti amawerengera m'mapaundi. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo ndalama zomwe zinali zokwanira dzulo lake zinadzuka zoperewera.

Pepala lililonse ulijambule bwinobwino, udzitumizire pa imelo. Enieniwo usamupatse dobadoba aliyense, ngakhale atalumbira kuti ali ndi m'bale wake ku ofesi ya kazembe.